Bokosi la Maimelo la Bambo

Budiriro, Harare
14 Okutobala 2024

Okondedwa achemwali anga a Iris,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno amayi ali gwa kupatula bondo lija, ndipo akukanganabe ndi anzawo pamzere wa kumjigo ngati mtsikana. Musadabwe kuti ine wa makompyuta ndakulemberani papepala. Mukundidziwa, pafoni ndikanangoseka n'kuizemba nkhaniyi.

Imelo imene munatumiza dzulo ku adiresi ya malemu bambo inabwerera. Musanamizire netiweki, wolakwa ndine.

Bambo atamwalira tinagawana zawo monga mwa mwambo, inu jekete, amalume a Yosiya njinga, ine nsapato zosandikwana. Chimodzi chokha sichinayalidwe pamphasa paja, ndicho bokosi lawo la maimelo la kufakitale ku Msasa, komwe iwo anali wosunga katundu ndipo ine ndimayang'anira seva, kompyuta yaikulu yosunga maimelo onse. Munthu akachoka ntchito bokosi lake timatseka, koma la bambo ndinalibisa pakati pa mabokosi a amoyo chifukwa cha yankho lodzitumiza lokha lija. Tsiku lopita kuchipatala anaima kumbuyo kwanga ndikulikonza, n'kunena kuti, "Iwe Clemence, Chizungu chakochi chauma. Wonjezera pansipo mawu akwathu." Ndinalemba momwe ananenera: "Ndachokapo pang'ono. Ndikabwera ndikuyankhani."

Ndinkayesa ndimalidziwa ndekha, mpaka ndinayamba kuona dzina lanu pa seva Lamulungu lililonse. Imelo yanu ikalowa, yankho la bambo linkatuluka. Sindinatsegulepo ngakhale imodzi, Mulungu ndi mboni. Ndinkangoona dzina ndi kulemera kwake, n'kumaganiza kuti zolemerazo ndi zithunzi za mwana wanu Paida.

Mwezi uno seva inadzaza mpaka maoda a makasitomala anayamba kubwerera. Abwana anga a Anderson anabwera padesiki panga, akuti ndiwaonetse mabokosi amene akudya malo. La bambo linali pamwamba penipeni.

"Alufandika uyu si mudhara wako anamwalira uja?" anandifunsa, akuloza dzina la bambo.

"Ndi iwowo, bwana."

Anakanda mutu. "Pepa mwanangu, koma fakitale yaima. Pofika Lachisanu lichoke."

Achemwali, ndikanatha kuwapempha kuti andisiyire kabokosi kopanda kanthu kuti yankho lokhalo lizituluka. Ndikanatha kukuimbirani kuti mutsanzike. Ndinachita manyazi kuti mudziwa zoti ndimakuonani, ndinaopanso ntchito yanga, ndiye ndinangodina batani lofufutira bokosilo. Dzulo ndinakuonani pa seva mukuyesa mobwerezabwereza, makina akukuuzani m'Chizungu kuti adiresiyi kulibe. Ndinamva ngati ndawaikanso m'manda kachiwiri popanda kukutumizirani uthenga wa maliro.

Chondiwawa kwambiri n'china. Inu mukandilembera pafoni ndimakuyankhani ndi kachithunzi ka chala chachikulu, ati ndatanganidwa. Zaka zonsezi ndinkadziwa kuti muli ndi zolemera zoti munene, koma ndinasiyira makina kuti azikuyankhani m'malo mwa mlongo wanu. Sindinakufunsenipo n'kamodzi komwe kuti kumeneko mtima uli bwanji.

Ndisanadine ndinakopera maimelo anu onse pa kafulashi, osawatsegula. Ndakakulunga mumpango wa bambo, kali m'envulopu momwemu, ndipo adalaivala a basi ndawauza kuti apereke m'manja mwanu. Limeneli ndilo gawo lanu limene linatsala. Adiresi yokhayo ndiyo singabwererenso.

Amayi akupereka moni, akuti Paida asaiwale Chichewa ngati ana a kuno. Sakudziwa kanthu za nkhaniyi, ndipo kuwauza kapena ayi ndasiyira inu. Ngati mwandikwiyira kwiyani, muli ndi chifukwa. Koma Lamulungu likubwerali, mukachoka kutchalitchi, lemberani ine, ngakhale zikhale zondikalipira zokhazokha. Ine sindinachokepo, achemwali, ndikuyankhani tsiku lomwelo.

Ndine mlongo wanu wosakwana nsapato za bambo,
Clemence