Kanyali Kofiira ndi Mpando Wakutsogolo

Achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu anga ndi ana. Kuno tilipo, miyendo ya amayi ikusinthako.

Koma galimoto yatsopano ija munatisiyira kuti tizitengera amayi kuchipatala, alamu anu akuipha. Sabata yatha kanayaka kanyali kofiira kooneka ngati ketulo. Ndinawauza kuti buku la galimotoyo likuti kameneko ndi ka oyilo, tiime. Iwo akuti, "Iwe unayendetsapo galimoto?" Basi anamata kanyaliko ndi tepi kuti kasamawathobwe m'maso. Tepi, achimwene. Makaniko atasolola kachitsulo koyezera oyilo kanatuluka kouma gwa, ndipo anandiyang'ana ngati ndinamwa oyiloyo ndine.

Kutsuka kokha ndiye alamu anuwo amatsuka, Loweruka lililonse, mpaka kupopera perefyumu m'kati. Koma Lachinayi, tsiku lakuchipatala, amayi amakwera fumbi lili mbuu.

Paja munandionetsa kachitsulo kapansi kokokera mpando wakutsogolo, poti ine ndi amayi ndife afupi. Lolemba lililonse mpandowo ndimaupeza uli kumbuyo kwenikweni, wogonekedwa, kagalasi kodziyang'anira kali kotsitsa. Sindinafunse. Ndimangoukokanso, ana akundiyang'ana.

Alamu anuwo musawaimbire foni, ndipo amayi asamve. Mungonditumizira kiyi wina uja wa galimotoyi, mundiuzenso komwe inu munaphunzira kuyendetsa. Lachinayi likubwerali mwina sindingathe, koma mwezi wamawa amayi ndidzawatenga ndekha. Zinazo tidzakamba pamaso.

Ndine mlongo wanu wamng'ono.