Nkhukundembo ya Abwana

Al Aziziya, Doha
21 Januwale 2024

Okondedwa achimwene a Macfussy,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine ndili bwino, ndanenepa moti lamba wa m'galimoto akuchita kudandaula. Koma mtima wanga ukuwira, achimwene, ndipo wauwiritsa si munthu ayi, ndi mbalame.

Mukudziwa kuti ndinalonjeza mkazi wanga Maness kuti mwezi uno ndibwera kudzanyamula mwana wathu Watipaso, amene chibadwire ndimangomuona pa foni. Vuto ndi loti pano madilaiva tilipo awiri, ine ndi mnzanga wa ku Nepal, tonse ofuna tchuthi, ndipo abwana sangalole kuti tichoke tonse.

Ndiye kunawomba chimphepo chomwe chinagwetsa mpanda wa famu yawo kuchipululu. Nkhukundembo yawo yaimuna, imene amaonetsa alendo ngati mwana wokhoza mayeso, inatuluka n'kusowa. Ndikuwayendetsa, ndinawauza kuti asadandaule chifukwa akhala m'galimoto ndi mlenje wamkulu wa Ntcheu yense, amene nkhanga zikamva dzina lake zimadzisosola zokha. Musaseke. Inde otchera misampha munali inu, koma thumba ankanyamula ndani?

Abwana anati, "Yala," ndiye kuti tiyeni m'Chiarabu chawocho, "yala, Overton. Ukaibweretsa yamoyo, tchuthi ndi chako."

Chipululu chozungulira famuyo n'cha aliyense. Nyengo yozizira ino anthu a m'tauni amakamangako matenti, makamaka Lachisanu. Ine ndinatsata zomwe munandiphunzitsa: mbalame umaipeza mbandakucha ikutsika mumtengo, ndipo umapita kumene anthu safika. Ndinatenga Amidu, mnyamata wa ku Mangochi amene amaweta mbuzi pafamupo, tinalawira ndi thumba ndi chingwe.

Achimwene, chifunga chake! Ndinkatambasula dzanja n'kumalifunafuna. Nanga mitengo? Kuno chitsamba chikafika m'mawondo amachitcha nkhalango. Tinayenda mpaka ndikuganiza tinalowa Saudi n'kutulukamo. Kenako ndinamva kumbuyo, kolokolokolo! Ndinadzigwetsa pansi, kukwawa chafufumimba, mchenga m'kamwa. Kufika, ndi Amidu wagwira pakhosi.

"Alenje, mwandipeza! Ndiponyeni m'thumba."

"Iwe, ndidzakugulitsa pamodzi ndi mbuzi zako," ndinatero.

Iye akuti, "Ankolo, mbalame iyi inakulira pa mpunga wotsala m'mbale. Ikufuna anthu, osati mitengo. Tiyeni kumatenti."

Ndinamuuza kuti munthu wa kunyanja azinena za usipa. Mlenje wanji amasaka pamene pakulira wailesi? Sabata yonse ndinkadzuka tambala asanaganize zolira, kusankha malo opanda ngakhale phazi la munthu. Ndinapeza abuluzi, tayala lakutha, ndi ngamila imodzi imene inandiyang'ana ngati imadziwa za Ntcheu. Lachisanu m'mawa sindinapite dala, kuopa phokoso la magalimoto. Ndinachapa zovala.

Madzulo ake Amidu atandivutitsa, ndinati tiyeni kumatenti akowo, kuti mwana uone wekha. Tisanayende n'komwe, gogo wina wa ndevu zoyera anatikodola patenti pake. Kuno akakuitana sukana, n'chipongwe chachikulu. Anatithirira khofi m'tikapu tonga chivindikiro cha botolo, kenako anabweretsa chimbale cha mpunga, pamwamba pake nyama. Gogoyo anang'amba ntchafu ndi manja ake n'kuika mbali yanga. Ntchafu, achimwene, yonga ya mbuzi! Ndinadya mpaka kunyambita chigongono. Ndinamuuzanso, m'Chingerezi changa chija, kuti kwathu nkhuku zotere timaziona ngati anapiye.

Iye anaseka n'kuloza kumwamba. Mwana wake anatimasulira: akuti mbalameyo inabwera yokha m'mawa uja, kulowa mpaka m'tenti kudzatola mpunga. Anafunsa matenti oyandikana, mwini wake osapezeka, basi anati ndi mphatso ya Mulungu.

Ndinatuluka ngati ndikukasamba m'manja. Kuseri kwa tenti kunali nthenga zakuda mulu, ndi mutu wofiira uja, kamphuno kake kali lende.

Amidu anaseka mpaka kugona pamchenga. "Mwaipeza, ankolo! Tsono abwana anati yamoyo. Ikupumabe m'mimbamo?"

M'mawa womwewo, achimwene! Mtunda wa pafamu ndi tentiyo ngati kuchoka kwanu kufika pachigayo. Ine ndili kalikiliki kuchapa masokosi.

Ndinatola nthenga za kumchira n'kukapereka kwa abwana. Ndinafotokoza kuti kutsata ndinaitsata bwinobwino mpaka pamene inathera, chimene alenje ambiri sangathe. Anazitembenuza nthengazo, anandiyang'ana pamimba, n'kufunsa, "Inali yokoma?" Ndinati mchere unachepa pang'ono. Anaseka mpaka kutsokomola, ine n'kumati zatheka. Atapukuta misozi anati, "Khalasi," kutanthauza kuti nkhani yatha. Dzulo ndine amene ndinamuperekeza mnzanga wa ku Nepal ku eyapoti, ndi kumunyamulira zikwama.

Abwana akuti ine ndidikire mpaka mnzangayo abwere, kenako Ramadani ithe, kenako tione.

Ndiye chonde, pitani nokha kwa Maness. Pa foni ndayesa kawiri kumuuza kuti sindibweranso mwezi uno, koma akangoyamba kunena za nkhuku imene akundisungira, ine ndimayamba za nyengo. Mumuuze kuti abwana sangayende popanda ine, kuti Doha yonse ingaime. Za ntchafu zija zisiyeni.

Moni kwa amayi, muwauze asasiye mankhwala a miyendo. Moni kwa alamu ndi ana onse. Watipaso ndinamugulira nsapato zofiira, koma pofika ine zidzakhala zitamuthina, choncho ndipatsira munthu wobwera kumeneko. Mukamuveke ndinu. Mukatero mumunyamule m'mwamba ndithu, kufikitsa kudenga, ndipo mundilembere kuti akulemera bwanji.

Ndine mng'ono wanu,
Overton