Gasi ndi mkamwini

Loweruka, 15 Julaye 2017, Michigan City

Lero mtima sunakhale m'malo. Tinachoka ku South Bend m'mawa pa galimoto yobwereka ija, yokhala ndi mabedi ndi khitchini. Titaimika, tinapita kukaona nsanja younikira sitima. Tili pakhoma lolowa m'nyanja, ndinayamba kukayika ngati ndinatseka gasi nditaphika tiyi. Mwana wanga Esnart anali atatsogola patali ndi ana. Pafupi panali mkamwini yekha, makiyi ali m'thumba mwake. Kwathu mkamwini sitilankhula naye maso ndi maso. Ndinamutsata ndikucheukacheuka kuyang'ana utsi, mpaka ndinalimba mtima.

"Pepani bambo a Tadala, gasi uja..."

"Ndatseka ine, amayi. Munamusiya akuyaka."

Ndiye kuti ndinaiwaladi. Mawa ulendo ukupitirira, ndipo wophika ndine ndemwe...