Chikho cha akulu anu

Kabwata, Lusaka

Alamu a Wilbroad,

Ndikhulupirira kuti nonse muli bwino ku Katete. Kuno tilipo, kungoti madzi akuvuta.

Mukukumbukira chikho chasiliva chimene akulu anu analandira atapambana anzawo onse pa maphunziro a zamalamulo? Chiyambireni kuiwalaiwala, m'mawa uliwonse amawerenga dzina lawo pachikhopo n'kunena kuti, "Eya, ndine." Akatero ndiye amavomera tiyi.

Ine zaka zonsezi ndakhala ndikuchikwecha ndi phulusa ndi mchenga ngati poto, osadziwa kuti zilembo zikutha. Loweruka lapitali zinatheratu. Lero ndi tsiku lachitatu asakudya.

Mmisiri wina ku Kamwala akuti akhoza kulembanso dzinalo, koma akulu anu akukaniza kuti chikhocho chisatuluke m'nyumba. Akuti, "Katundu wa eni ake sachoka mwiniwake asanapezeke."

Zimene anandiuza adokotala sindingazilembe pano. Chonde alamu, bwerani, musadikire kukolola, mwina nkhope yanu aizindikira. Ine dzulo nditawasambitsa anandithokoza mwaulemu, kenako anandifunsa ngati ndili pabanja.

Mupereke moni kwa onse.

Ndine mlamu wanu,
Imelda