Makala pa Lilime Langa

Kaunda Square, Lusaka
19 February 2020

Okondedwa amake Deborah,

Ndikhulupirira muli bwino ku Chipatako pamodzi ndi apongozi anga. Akundilembera ndi a Bernadette a kumphakati kwathu kutchalitchi, ndipo ndawauza kuti asachotsepo liwu.

Mlongo wanu Gerald ali m'chipatala. Musakuwe, ali moyo.

Loweruka anabwera ndi zida zake za kuyunivesite, zofufuzira mmene lilime limagundira m'kamwa munthu akamayankhula. Anati anasankha ine chifukwa Chichewa changa n'chakumudzi chenicheni. Anasakaniza makala opera ndi mafuta ophikira n'kundipaka palilime. Ndikanena kuti "tchire", ankalowetsa kagalasi m'kamwa n'kujambula pamene makalawo adetsa. Kenaka anandivundikira mphuno ndi pakamwa ndi chigoba cha mapaipi choyezera mpweya.

Iye ankafuna tidzitsekere m'nyumba kuopa phokoso. Ine ndinakana. Ba Kampamba oyandikana nane amandiseka kuti mwana wophunzirayo ndi wapakamwa chabe, poti Gerald sanali kufika kuno chisamukire ine. Ndinati tikhale pakhonde kuti aone.

Anaonadi. Mwamva za mphekesera zili kuno, za anthu opopera mankhwala okomola m'nyumba za eni. Ba Kampamba anakuwa, "Bwelani! Akupha ambuya!"

Anthu anathamangira kuno ndi njerwa ndi zitsulo. Anamukokera Gerald kumsewu atamugwira miyendo. Ndinavula chigoba chija n'kukuwa, "Ndi mwana wanga, inu!" Koma ataona lilime langa lili bii, bambo wina anati, "Onani, wawamwetsa kale poizoni!" Anandigwira mikono, ati kundipulumutsa, ine ndikuona njerwa ikutera pansagwada za mwana wanga. Apolisi anafika tayala ndi petulo zitabwera kale. Mano ake ndinatola ndekha m'fumbi.

Dzulo ba Kampamba anagogoda atanyamula nthochi. Sindinawatsegulire.

Za pakhondezi musawauze amuna anu. Mungobwera, mwana wanga. Amamwa phala lokha, podzera m'kapaipi, ndipo pafunika munthu womumwetsa.

Mundipatsire moni Deborah ndi abambo ake. Gerald moni sanganene, nsagwada anazimanga ndi waya, ndipo adokotala sakulonjeza kanthu. Ine ndikalowa amatembenukira kukhoma. Mwina inu adzakuyang'anani.

Ndine mayi wanu,
Keziah Mwale