Bowo la pa chithunzi chathu

Amayi, kumeneko mukukhala bwanji? Kuno ku Chia tilipo ndithu.

Mvula yagwa zaka ziwiri chikuikireni m'manda. Mpunga wa kudambo kwanu chaka chino wachita bwino, koma chinangwa chakumunsi chinawola madzi atakwera, ndiye kondowole tikudya wa kwa achimwene a Yohane. Mdzukulu wanu Tereza anabereka mwana wamkazi, amutcha dzina lanu. Mtengo wa mango wa kuseri uja unagwera pa bafa, koma palibe anavulala. Ine ndikadali pa khonde pomwe paja ndi makina anga, kusoka mayunifolomu ndi kuphatika zigamba.

Chomwe ndalembera kwenikweni ndi chithunzi chija anatijambula munthu wa panjinga ine ndili sitandade 3. Tonse tili kutsogolo kwa nkhokwe, inu ndi abambo pa mipando yobwereka, ana kumbuyo motsata msinkhu, miyendo ili mbuu. Chayamba kufwifwa. Mwa ana anu tatsala anayi basi, ndipo adzukulu sakhulupirira kuti chigulu chonsecho chinkagona m'nyumba imodzi ya udzu. Ndiye ndinapita nacho ku boma, komwe masiku ano amadinda zithunzi pa nsalu ngati mmene amachitira ndi malaya a mpira. Ndikusoka chofunda chachikulu: chithunzicho pakati, zigamba kuzungulira, munthu aliyense chake, chodulidwa pa chovala chomwe anavaladi.

Kutolera zigambazo ndiye kunali ntchito. Ndinayenda khomo ndi khomo ngati wogula nkhuku. Malaya a malemu achimwene a Fulaye ndinawapeza atasanduka chopukutira mbale. Azakhali a ku Mwadzama anandimana kansalu ka malemu Agnesi mpaka nditalonjeza kuwasokera bilauzi. Sanasinthe azilamu anu aja.

Koma chithunzicho chili ndi bowo, ndipo amene analiboola mukumudziwa. Achemwali a Esinala atathawa ndi mwamuna wodula nzimbe ku Dwangwa, popanda ankhoswe, munatenga lezala n'kudula nkhope yawo. Ine ndinalipo, ndikupeta mpunga. Kuyambira tsiku limenelo, munthu akafunsa za ana munkati, "Ine ndinabereka khumi." Munabereka khumi ndi mmodzi, amayi. Pa maliro anu achemwaliwo anabwera, anakhala kumapeto kwa mphasa ngati mlendo, ndipo pogawa zovala zanu tsiku lometa palibe anawatchula. Anabwerera chimanjamanja.

Bambo wodinda zithunzi uja anafunsa ngati ndikufuna atseke bowolo pa kompyuta, pazioneka nkhokwe yokha ngati sipanaime munthu. Ndinati alisiye. Komabe zigamba za ana ndinakonza khumi zokha, chifukwa ndinkakumbukira mawu anu aja: "Chomwe ndang'amba ine, pasapezeke wosoka." Ndimakuopanibe, ngakhale muli kumeneko.

Chigamba chanu ndinafuna chichokere pa lamba wansalu uja munkamanga m'chiuno mkati mwa chitenje. Pogawa zovala anagwera ine, poti panalibe womufuna. Ndikumasula msoko wake, lezala linakhudza kanthu kolimba, kokulunga m'pulasitiki ya shuga, kosokerera ndi ulusi wakuda uja munkasokera matumba. Ndinkayesa ndi mankhwala. Nditafunyulula ndinapeza nkhope ya achemwali a Esinala, kukula kwake ngati chikhadabo cha chala chachikulu, m'mbali mwake mutatha.

Tsiku limenelo sindinasokenso. Ndisaname, ndinakukwiyirani. Zaka zoposa makumi atatu munayenda naye m'chiuno mwana uja, kumunda, kuchigayo, kutchalitchi, koma pakamwa ayi ndithu, khumi. Basi ya ku Dwangwa inkadutsa pamsewu pompa tsiku ndi tsiku.

Loweruka lapitali ndinakwera basiyo. Achemwali akudwala shuga, miyendo yatupa, amuna awo anamwalira kalekale. Ndinawapeza akhala pa khonde. Sindinadziwe poyambira, ndiye ndinangowaika kankhopeko m'manja n'kunena komwe ndinakapeza. Anakayang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa chinthu chimodzi chokha, ngati lambayo munkamuvala masiku onse kapena munangomusunga m'bokosi. Ndinawauza zoona, kuti tsiku lomwe tinkakusambitsani komaliza ndine ndinamumasula m'chiuno mwanu.

Sanalire pamaso panga. Analowa m'nyumba akudzikoka, anatuluka ndi chitenje chakale chamaluwa ofiira, chomwe anavala pochoka kwathu kuno. Anaching'amba okha ndi mano n'kundipatsa chidutswa. Kankhope kaja sanandibwezere, anakamanga pa ngodya ya chitenje chomwe anavala, ndipo ine sindinapemphe.

Chotero bowolo likadalipo pakati pa chofunda. Ndalisiya, ndi ntchito ya manja anu. Koma zigamba za ana tsopano zakwana khumi ndi chimodzi, ndipo chamaluwa ofiiracho ndachilumikiza ndi cha lamba wanu, msoko umodzi. Chomwe munang'amba ndasoka, amayi. Ngati ndalakwa, mudzandikalipira ndikadzafika.

Chikatha ndidzayamba kupita nacho ku Dwangwa, akafunde achemwali nyengo yozizira ino, kenako chizizungulira m'makomo mwa otsalafe. Kamwana katenga dzina lanu kaja kakadzakula n'kufunsa kuti agogo anabereka angati, ndikulonjeza kuti ndidzakagwira dzanja tiwerenge limodzi zigambazo, mpaka chomaliza.

Muwapatse moni abambo.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Lusiya