Anastazia wa m'nyuzi

Lamulungu, 1 Juni 1958

Nthano yanga yatuluka m'kanyuzi ka mishoni. Bambo Mfumu abwela nako pa mthuthuthu. Dzina langa pansi pake, Eustace Lungu, mphunzitsi, Mwape. Ndaiwelenga mobwelezabweleza mpaka mkazi wanga Consolata wati, "Zilembo zisila, a Lungu, siyilankoni ena."

Bambo ndiwo anandipempha kulemba kanthu kochenjeza akazi amene amuna awo ali ku migodi. Ndinalemba za Anastazia, mwamuna ali ku Wankie, iye n'kubala mwana wa wina. Chimodzi chandinyansa: ine pamwamba ndinaika "Nthano", osindikiza asintha, aika "Nkhani ya ku Nyimba". Bambo ati palibe kanthu. Itatha Misa akatekisi aiwelenga panja, anthu onse zii. Ine kumayesa yawakomela.

Lachitatu, 4 Juni

Consolata wabwela kuchitsime nkhope ili gwa. Akuti Anastazia, mkazi wa a Jonas Mumba, anafika ndi ndowa mwana ali kumbuyo, azimayi onse n'kumupatukila. Ayamba kumuitana "wa m'nyuzi".

Ndati dzinalo ndinatola pa kalendala ya oyela. Iye: "Nanga Wankie munatolanso pa kalendala? Nanga kuseka atagwila pakamwa chifukwa cha dzino lothyoka?"

Lachisanu, 6 Juni

Ndayesa kufotokozela a Gideon, mkulu wa mpingo, kuti ndi nthano chabe. Andiseka. "Nthano ili ndi nyimbo, aphunzitsi, ndipo silowa m'makina. Cha m'pepa ni nkhani. Kapena mufuna kunena kuti ansembe asindikiza bodza?" Ndikati inde, ndanyoza Bambo. Ndikati iyayi, ndapachika Anastazia.

Lolemba, 9 Juni

Muno mokha ndinene zoona. Kalendala ija ndinama nayo. Polemba ndinali kumuona iyeyo, kayendedwe kake, kaseko kake. Akazi amene ndinayamba kupanga m'mutu anali kutuluka ouma ngati zitsa, ndiye ndinabweleka wamoyo. Osamupempha. Sanalakwe kanthu mwana wa eni, mimba ija a Jonas anaisiya okha popita, mudzi wonse udziwa. Koma tsopano pepa lanena, ndipo anthu ayamba kukayika zimene anaona ndi maso awo.

Ndili ndi manyazi, ndiponso chisoni. Mailo ku Misa Anastazia sanabwele.

Lachinayi, 12 Juni

Ndapalasa njinga mpaka ku mishoni. Bambo andilandila bwino, tiyi ndi buledi. Ati wolemba wachikatolika asaope kuonetsa tchimo monga lilili, Ambuye nawonso anaphunzitsa m'mafanizo. Adzalemba mau okonza m'kanyuzi ka mwezi wa mawa. Mwezi wa mawa! Ka mwezi uno kanapita kale ku migodi.

Nditauza Consolata za mafanizo, wati, "Ambuye sanachule mkazi wa munthu ndi dzino lake."

Lachiwili, 17 Juni

A Jonas atsika basi pa Nyimba.

Lachitatu, 18 Juni

A Jonas sanammenye Anastazia. Akuti anangonyamula mwana, kumuyang'ana nthawi yaitali, n'kumubweza. Apongozi awo anagwada, osathandiza. Analowa m'nyumba imene anamanga okha pachikamwini paja, n'kutulutsa nkhwangwa ndi bokosi lawo.

Ndinasiya ana m'kalasi, kuwathamangila a Jonas mpaka pa mlatho wa mitengo. Ndati, "A Mumba, zonse zija ndinapeka ine, palibe choona."

Anatula bokosi. Munthu wofatsa, maso ofiila ndi fumbi la ulendo. "Nimvela, aphunzitsi. Mwina mwana ni wanga. Koma ku komboni ananiwelengela pepa lanu pamaso pa anzanga, wina n'kumaseka atagwila pakamwa. Muzapita kukawauza kuti munapeka?"

Anasenza bokosi. Apita kwa alongo awo ku Petauke, kenaka abwelela ku Wankie.

Lachisanu, 20 Juni

Ndayamba kulemba nthano ina yomuyeletsa, ndaing'amba. Ndimubwelekenso?

Lamulungu, 22 Juni

Itatha Misa ndaimilila osapempha akatekisi. "Nthano" sindinanene, "kupeka" sindinanene, mau aja sagwila anthu. Ndati, "Ine Lungu ndinanama. Za m'pepa zija ndi bodza langa, osati la Bambo. Amai Mumba alibe mlandu." A Gideon anawelamila pansi. Wina kumbuyo anati mphunzitsi wabodza aphunzitsa chiyani ana athu. Mwina pasukulu andichotsa, kaya.

Anastazia anali kunja, pafupi ndi khomo, sanalowe. Waonda. Anthu atabalalika anandiyandikila, n'kugwada pang'ono monga achitila masiku onse. Bola akanatukwana.

"Aphunzitsi, ine sinidziwa kuwelenga, ndipo tsiku lija akatekisi powelenga n'nathawa isanasile. Uja Anastazia wanu, pothela anachita bwanji?"

Ndati analapa, wansembe anam'dzoza, anafa bwino.

Anakonza nsalu ya mwana paphewa.

"Oo. Munam'chitila chifundo uja," anatelo. "Nanga ine, mailo niuke nichite chiyani?"

Anadikila ndithu kuti ndiyankhe. Mwana atayamba kulila, ananyamuka.